Chinkuzamawu cha kwa Lazaro

Lilongwe
8 Novembala 2010

Okondedwa achemwali anga a Feliya,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Benjamin ndi ana. Ine ndili bwino, kungoti kuno kwatentha moti munthu ukalowa mu holo yoonera kanema umatuluka malaya atamatirira kumsana. Mundiuze za nazale ya fodya, ndiponso ngati makuponi a feteleza afika m'manja mwanu chaka chino.

Nkhani yaikulu nayi. Mukuwakumbukira anzanga aja ndinabwera nawo pa esiteti mwezi wa Malichi, a Lefina ndi kamera yawo, amene anakujambulani mukusoka fodya m'chigafa? Kanema uja watha. Ndamuonera kawiri, ndipo oweruza amulowetsa pa mpikisano wa makanema a chaka chino. Mphoto adzapereka mu Malichi akubwerayu.

Mukudziwa kuti ine pa tsamba langa la Loweruka m'nyuzipepala sindiyamikira chisawawa. Chaka chino ndaonera makanema ambirimbiri ndipo onse ndi mphika umodzi: mwamuna wolemera, mkazi wachiwiri, sing'anga, kenaka maliro otenga theka la ola. Koma uyu ndi wina. Muli amayi asanu a m'maesiteti osiyanasiyana, koma amene mwanyamula kanema yense ndinu. Pamene mukufotokoza mmene akapitawo amatolerera makuponi a matenanti tsiku lomwe mwalandira, holo yonse inangoti zii. Ndiye pomaliza mukuyimba kanyimbo kanu kosokera fodya kaja, kamene munkatigonekera nako ku Phalombe. Ndinalira, achemwali, ine amene ndimalipidwa kuti ndisalire.

Musade nkhawa ndi kalikonse. A Lefina asunga lonjezo lawo. Nkhope yanu sikuoneka ngakhale pang'ono, akuonetsa manja okha, singano ndi masamba. Dzina lanu mulibe, la esiteti mulibenso. Ngakhale malemu mayi athu atabwerera sangakuzindikireni.

Khrisimasi yayandikira, ndiye ndikudziwa kuti ku Chamama uko Lazaro wa vidiyo sho wayamba kale kupukuta chimbale chake chakalekale cha kubadwa kwa Ambuye, chija abusa ake ali ndi ndevu zomata ndipo bulu ndiye amasewera bwino kuposa anthu onse. Sabata ino ndalemba kuti nthawi yakwana yoti pa Khrisimasi tizionera nkhani zathuzathu. Ena andikwiyira, koma akwiye.

Mundiyankhe msanga.

Mlongo wanu,
Prosper


Pa esiteti, Chamama
21 Novembala 2010

Prosper mlongo wanga,

Kalata yako ndailandira kwa akatekisiti titatuluka m'tchalitchi. Uzipitiriza kulembera kumeneko. Ya ku ofesi ya esiteti imafika itatsegulidwa kale, ndipo foni pano ili ndi munthu mmodzi yekha, yemweyo wotsegula makalatayo. Ife tilipo, kupatula chifuwa cha alamu ako chimene chimabwera chaka ndi chaka ndi mankhwala a ku nazale. Mvula yagwa, tayamba kuwokera.

Makuponi ukufunsawo tinawaona ndi maso. Tinaima pa mzere kusukulu kuyambira m'mawa, anatiitana mayina, tinadinda chala. Potuluka pa geti tinapeza a Mphepo, akapitawo athu, atakhala pa njinga yawo, chipewa atachitembenuza m'manja ngati mbale ya chopereka. Aliyense anaponyamo yake. Akuti feteleza akasungidwa ku sitolo ya esiteti kuti asabedwe. Kamunda kathu ka chimanga kuseri kwa nyumba kadya mvula yokha ngati chaka chatha.

Koma chimene chandisowetsa mtendere ndi ichi. Ndikuponya yanga, a Mphepo anandiyang'ana nati, "Mayi a kwaya, alendo anu a kamera aja anafika bwino?" Miyezi isanu ndi itatu yadutsa, Prosper. Ine ndinkayesa anaiwala. Ndinati anali a mpingo, ankajambula nyimbo. Iwo anati, "Eya, nyimbo," n'kuseka okha.

Iwe unachoka kalekale, mwina unaiwala mmene zimakhalira. Tenanti salandira kanthu mpaka fodya atagulidwa ku okushoni. Chaka chonse timadya phoso, chimanga chimene bwana amatikongoza, maso ali ku Julaye. Akakuchotsa mabelo asanapite, thukuta lako lonse limatsala m'chigafa cha eni ake. Ndipo ku Phalombe munda wa mayi unagawidwa kale, ukudziwa. Tikachoka pano tilibe kolowera.

Tsono kanema wa Lazaro umusiye. Ndi tsiku limodzi lokha pa chaka limene ife amayi timalowa m'chisakasa chake chija popanda wotinena. Masiku ena onse ndi za nkhonya ndi mfuti, timangomvera panja pa chinkuzamawu chake chija anachimangirira pa mtengo wa mango, chimene chimamveka mpaka kuchigayo. Za ndevu zomata tikuzidziwa, sitinadikire munthu wa nyuzipepala kuti atiuze. Tikudziwanso kuti chimbalecho chinakalika, chimaima pamene Yosefe akudzutsa Mariya kuti athawe ndi mwana. Chaka chilichonse Lazaro amachitulutsa, amachipumira mpweya, amachipukuta pa malaya, n'kuyambiranso pachiyambi. Kuno palibe amene anawaonapo akufika ku Ejipito, koma timalira ndithu.

Komabe ndisakunamize, mtima ukufuna kudziona. Manja angawa sanaonekepo pa galasi la kanema. Ngati n'kotheka unditumizire ndione kamodzi kokha, pamodzi ndi mankhwala a chifuwa a alamu ako.

Mchemwali wako,
Feliya


Lilongwe
9 Disembala 2010

Achemwali,

Moni kwa nonse. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa matola amene amafika ku Chamama, kuti isachedwe ku positi. M'phukusimo muli mankhwala a alamu ndi chimbale cha kanema. Ndiyo mphatso yanu ya Khrisimasi. Mukaonere kunyumba kwa abambo mfumu mutatseka chitseko.

Za a Mphepo musaziike kumtima. Anthu otere amangoyesa mitima ya anzawo kuti aone amene anjenjemere. Umboni alibe. Manja a mayi wosoka fodya ndi amodzimodzi kuyambira ku Chamama mpaka ku Rumphi.

Kuno mpikisano wafika potentha. Amene tikulimbana naye kwambiri ndi kanema wina wa mtsikana wa m'tauni amene amakwatiwa ndi mzukwa. Anthu akumukonda chifukwa cha magalimoto ndi madiresi, koma mawu ake akumveka ngati anajambulira m'chitini. Wathu uja munthu umamva ngakhale singano ikuboola tsamba. Ndalemba kuti oweruza akamumana mphoto, ndiye kuti ali ndi thonje m'makutu.

Za ku Ejipito mwandiseketsa. Anafika, achemwali, musadandaule. Koma zaka khumi kuonera theka la kanema n'kumalira pa malo omwewo! Ndizilemba zimenezi pa tsamba langa la Khrisimasi.

Mundiuze mmene mwadzionera.

Prosper


Lilongwe
16 Disembala 2010

Achemwali,

Ndikulemba mofulumira. Dalaivala uja galimoto yake yafa, ndiye iyi ndaponya ku positi. Mulungu athandize ifike msanga.

Lero masana ndimadutsa pa msika wa ku Mchesi. Pa vidiyo sho ina anali ataika kanema wachikale, ndipo ine ndili kutsidya kwa msewu, osaona chilichonse, ndinadziwa wosewerayo ndi mawu okha. Ndinaima pomwepo. Ndinakumbukira zimene munalemba za chinkuzamawu cha pa mtengo wa mango. Ndinaziwerenga ndikuseka, osaganiza.

Ife kuno tinabisa nkhope chifukwa mu holo anthu amabwera kudzaona. Kwanuko anthu ambiri kanema amamumva, samuona. Ndipo inu ndi amene mumayambitsa nyimbo m'tchalitchi Lamulungu lililonse.

Chonde chimbale chija chisafike kwa Lazaro. Ngati kwa abambo mfumu sizitheka, chikwirireni pansi, kapena chiotcheni. Ndidzakuonetsani kuno.

Prosper


Pa esiteti, Chamama
28 Disembala 2010

Alamu a Prosper,

Ndine Benjamin. Landirani moni. Mankhwala ndinalandira, zikomo, chifuwa chachepako. Ndalemba ine chifukwa achemwali anu akuti dzanja lawo silikufuna cholembera.

Zinthu sizinayende bwino, ndipo wolakwa ndine. Munati tikaonere kwa abambo mfumu. Alamu, abambo amakhala ku parishi, kuno amabwera kamodzi pa miyezi iwiri. Ife tili ndi akatekisiti, ndipo nyumba yawo ilibe magetsi. Makina oonetsera chimbale ku Chamama kuno ndi a Lazaro basi. Ndiye Lachinayi ndinapita kukamunong'oneza. Tinagwirizana kuti ine ndi achemwali anu tidzaonere awiriwiri m'mawa wa Lamulungu, anthu asanabwere, atazula waya wa chinkuzamawu cha panja. Ndinamusiyira chimbalecho kuti ana asachiseweretse kunyumba. Ndinkafuna kuti mayi a kunyumba adzione atakhala pa benchi ngati munthu.

Pa Khrisimasi chisakasa chinadzaza monga mwa masiku onse. Kanema wa kubadwa uja anaima pa malo ake omwe aja. Lazaro anapumira, anapukuta, koma ulendo uno chimbale chinakaniratu. Anthu anali atalipira pakhomo, anayamba kumenya mabenchi. Lazaro anasuzumira m'katoni mwake, zonse za nkhonya ndi mfuti, ndipo m'chisakasa munali amayi ndi ana. Anatenga chathu chija.

Ine ndinali kumbuyo, nditapanikizika pakona. Amayi awiri oyamba a m'kanemamo anayankhula, anthu n'kumangoonera. Kenaka panabwera manja, ndipo mawu anayamba. Sipanathe ndi mphindi imodzi. Mayi wina kutsogolo anati, "Awa si a Feliya a kwaya awa?" Wina anati, "Khalani chete timve." Ndinayesa kudutsa kuti ndikazimitse, koma munthu ungadutse pati?

Achemwali anu sanali mkati. Anatsalira kutchalitchi kupinda nsalu za paguwa, ndiye ankabwera mochedwa, atavalabe yunifolomu ya kwaya. Akuti atafika pakati pa msika anamva munthu akuyankhula pa mtengo wa mango, nkhani ya makuponi ndi chipewa, ndipo anayamba aganiza kuti mayi ameneyu ngolimba mtima. Kenaka anaona kuti msika wonse watembenuka kuyang'ana iwo.

A Mphepo anali pakhonde la bala loyang'anana ndi kwa Lazaro, pamodzi ndi alonda a pa esiteti. Sanalowe. Anamvetsera zonse ali chikhalire, mpaka nyimbo ija inatha. Atatero anaika botolo pansi n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono, okhaokha. Kenaka anawoloka msewu n'kuuza Lazaro kuti, "Tabwereka kanema ameneyu, tikaonere bwino ndi abwana." Lazaro anapereka. Sindimuimba mlandu, nayenso chisakasa chake chili pa malo obwereka.

Mpaka lero sanatiitane. Fodya ali m'mawondo ndipo wamera bwino kuposa zaka zonse. Ngati muli ndi nzeru, alamu, tithandizeni nayo.

Ine mlamu wanu,
Benjamin


Pa esiteti, Chamama
16 Januwale 2011

Prosper,

Moni. Tilipo. Kalata yako yotichenjeza ija yafika Lachiwiri lapitali, itanyowa mbali imodzi. Akuti thumba la makalata linagona ku Kasungu chifukwa msewu unaduka ndi mvula. Ndaiwerenga. Unalemba bwino, monga mwa nthawi zonse.

Ukufuna kudziwa zimene atichita. Sanatichite kanthu. Ndicho chikundidwalitsa.

A Mphepo masiku ano amandipatsa moni asanatsike n'komwe pa njinga. "Mwadzuka bwanji mayi a pa kanema?" Phoso la mwezi uno anatiyezera chitini chodzaza mpaka kusefukira, osachipala ndi dzanja pamwamba ngati mmene amachitira. Anawonjezaponso kapu ya nyemba. Alamu ako anabwera nazo akumwetulira. Ine ndinawauza kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Dzulo tinali m'munda kudula nsonga za fodya. Ndinamva munthu akuimba mluzu kumapeto kwa mzere. Inali nyimbo ya mayi ija, Prosper, yonse, osaphonya ndi pamodzi pomwe. Ndiye kuti chimbale chija achionera kangati? Anayenda mzere wonse akuimba, akugwiragwira masamba, n'kunena kuti, "Fodya wa chaka chino ngwa mtengo wapatali. Mumusamale." Atatero anapita.

Anzathu a pa esiteti sananditukwane. Ena amandifinya dzanja mwachinsinsi tikakumana pa mjigo. Koma palibe amene amabwera kudzapala moto kwathu, ndipo ana awo awaletsa kusewera pabwalo pathu. Sindikuwadandaula. Aliyense ali ndi fodya wake m'munda.

Lamulungu lapitalo ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambitse nyimbo yolowera, ndipo tchalitchi chonse chinakweza mitu nthawi imodzi. Kale ankangoyankha osandiyang'ana. Mawu anandithawa. Anayambitsa wina.

Ukadziwa kumene kukufunika antchito awiri odziwa fodya, undiuze. Usanene kuti ndikufulumira.

Feliya


Lilongwe
7 Febuluwale 2011

Achemwali okondedwa,

Moni kwa inu ndi alamu. Makalata onse awiri ndalandira. Masiku oyamba sindinkadya, ndinkadziona ngati wakupha. Koma nditawerenganso yanu mofatsa, ndaona kuti inu simukuona chimene chachitika.

Kapitawo uja wachita mantha. N'chifukwa chiyani akudzaza chitini? N'chifukwa chiyani akupereka moni? Chifukwa msika wonse wamva, ndipo akudziwa kuti akakukhudzani dziko lidziwa. Imeneyi ndiyo mphamvu ya kanema imene ndakhala ndikulalikira zaka zonsezi anthu n'kumandiseka. Kanema wa ndevu zomata uja anayamba wadzazitsapo chitini cha munthu?

Ndalemba nkhani yonse pa tsamba langa Loweruka lapitali. Mayina sindinatchule, ndangoti pa esiteti ina kufupi ndi Chamama kapitawo wina anamva choonadi pa tsiku la Khrisimasi ndipo tsopano akuyeza phoso mwaulemu. Anthu aikonda kwambiri. A Lefina akuti oweruza awiri aiwerenga, ndipo wa mzukwa uja tsopano ali m'madzi.

Mwambo wa mphoto uliko pa 26 Malichi. Ndikanakonda mutabwera, mukhale kumbuyo mwakachetechete, mumve mmene anthu akuwomberani m'manja. Za kufuna ntchito kwina taziiwalani kaye. Munthu sathawa atapambana.

Mlongo wanu,
Prosper


Pa esiteti, Chamama
13 Malichi 2011

Prosper,

Moni. Ndilemba zochepa, manja atupa ndi kusoka.

Nkhani yako tinaiona. Anabweretsa ndi a Mphepo, ataidula bwinobwino ndi lumo. Akuti abwana anaiwerenga ku Lilongwe konko, ndipo anzawo a maesiteti ena akhala akuwaimbira foni kuwafunsa ngati esiteti ya kufupi ndi Chamama ndi yawo. Anandiwerengera okha mokweza, pamaso pa anthu onse m'chigafa. Atafika pa mawu akuti "mwaulemu" anabwereza kawiri. Kenaka anaipinda n'kundipatsa. "Sungani, ndi ya achimwene anu."

Mayi ankati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Iwe unali wamng'ono, mwina sunamve.

Fodya tathyola pafupifupi yense. Mikangala yopachikapo fodya yadzaza chigafa mpaka kudenga, masamba aakulu, ofiirira bwino. Alamu ako amalowamo m'mawa uliwonse n'kumangoyang'ana. Sanakololepo wotere chibadwire.

Sabata yatha lole ya esiteti inabweretsa banja lina lochokera ku Mangochi, mwamuna, mkazi ndi ana atatu. Matenanti atsopano amabwera mu Ogasiti, nthawi ya nazale. Mu Malichi munthu amadzatani? Awagoneka m'shedi yosankhira fodya, akuti n'kongoyembekezera. Nyumba zonse za pa esiteti zili ndi anthu. Dzana mkaziyo anadutsa pakhomo pathu n'kundifunsa ngati denga lathu limadontha.

Ku mwambo wako sindibwera. Ndikachoka pano tsiku limodzi, sindikudziwa chimene ndidzachipeze.

Feliya


Lilongwe
28 Malichi 2011

Achemwali,

Moni, moni! Tapambana!

Ndisaname, mphoto yaikulu anapatsa wa mzukwa uja, ndipo zimene ndilembe Loweruka likubwerali oweruzawo sadzaziiwala. Koma ife tatenga mphoto ya kanema wa mawu omveka bwino koposa. Asanatchule wopambana anazimitsa zithunzi n'kuika nyimbo yanu yokha. Holo yonse inaimirira. Mkulu wa oweruza anati mawu a mayi ameneyu munthu ukawamva kamodzi sungawaiwale.

A Lefina akuti chikho cha mphotoyo ndi chanu. Chili pa windo la chipinda changa, ndikuchipukuta tsiku ndi tsiku mpaka mudzachitenge.

Kalata yanu ya pa 13 ndaipeza lero ku ofesi. Za banja la ku Mangochi zandidetsa nkhawa pang'ono, koma mwina abwana akufuna kukuza munda. Limbani mtima, kwatsala pang'ono okushoni atsegule. Mundiuze mabelo akapita.

Prosper


Kutchalitchi, Chamama
18 Epulo 2011

Prosper mlongo wanga,

Moni. Tili moyo tonse asanu. Kalatayi ndapatsira dalaivala yemwe uja anabweretsa mphatso ya Khrisimasi, galimoto yake inakonzedwa.

Mabelo unafunsa aja tinadinda lomaliza Lachitatu masana. Alamu ako anasoka chiguduli, analemba nambala, anapukuta thukuta. A Mphepo anali pomwepo, anayamikira ntchito. Kenaka anati alonda amva mphekesera yoti pali tenanti amene akubisa fodya kuti agulitse kwa mavenda, ndiye ayenda nyumba ndi nyumba. Anayambira kwathu. Mlonda analowa, sanayang'ane pansi pa mphasa, sanatsegule thumba lililonse. Analunjika pakona ya denga n'kusololapo mtolo wa fodya womangidwa ndi chingwe chimene ife sitinakhalepo nacho. Nyumba zina sanapiteko.

Alamu ako anagwada, Prosper. Munthu wamkulu uja anagwada pa fumbi, ana akuona. A Mphepo anati abwana ndi achifundo, za kupolisi sizikhalapo, tingonyamula zathu dzuwa lisanalowe. Za makuponi sanatchule. Za kanema sanatchule. Pamene tinkatulutsa miphika, mayi wa ku Mangochi uja anali ataima kale ndi tsache. Sanandiyang'ane, ndipo ndinamumvera chisoni.

Lole ya mabelo inatipitirira pa msewu tikuyenda. Alamu ako anawerenga nambala zawo pa ziguduli mpaka inakhota.

Ndakwiya nawe, ndisakubisire. Ndakwiyanso ndi alamu ako, ndi Lazaro, ndi ine mwini amene ndinafuna kudziona. Koma zimene ndinanena m'chigafa muja zinali zoona, ndipo sindikuzibweza. Chimene chikundiwawa n'chakuti inu a ku Lilongwe munaganizira za maso a anthu a mu holo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti kwanu kuno anthu amakudziwani ndi chiyani. Ndikanakuuzani. Mkulu wa oweruza uja ananena zoona. A Mphepo akanamuuza zomwezo popanda chikho.

Lazaro anabwera kudzapepesa. Akuti wagula chimbale chatsopano cha kubadwa, chosakalika, ndiye Khrisimasi ikubwerayi anthu a ku Chamama adzaona Yosefe ndi Mariya akufika. Ife sitidzakhalapo.

Akatekisiti atisunga m'kalasi ya katekisimu mpaka Pasaka adutse. Ku Phalombe kulibe munda, ndipo maesiteti a kuno onse anawerenga tsamba lako. Ndiye Lachiwiri la pambuyo pa Pasaka tikwera matola kubwera kwa iwe. Ndikudziwa kuti chipinda n'chimodzi. Uchotse mabuku ako pansi, ana agona pamenepo.

Usadzatilandire ndi mawu ambiri, ndipo usadzalembe za ife Loweruka. Chikho chija ubweze kwa a Lefina. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Chamama yense anamumva kanema ameneyu, Lilongwe anamuona, abwana anamuonera mpaka kuloweza nyimbo ya mayi. Ine ndekha sindinamuone. Ukabwereke makina, utseke chitseko, ndipo mawu uwazimitse. Ndikufuna ndione manja okha.

Mchemwali wako,
Feliya